Pakati pa bwato ndi buku: mbiri ya sekondale kugombe la Nkhotakota

Mlendo akafika pa Nkhotakota n'kufunsa mbiri ya malo ano, timathamanga naye kukamuonetsa mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863. Tikachoka apo timapita naye kutchalitchi cha All Saints kumene anagona Bishopu Chauncy Maples, uja anamira panyanja mu 1895. Akakhala wokonda ndale timamukumbutsanso za msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa mu 1960, pamene Dr Hastings Kamuzu Banda anapatsidwa utsogoleri wa chipanicho wa moyo wao wonse. Zonsezi ndi mbiri ndithu, palibe angatsutse. Koma ilipo mbiri ina imene sitionetsa alendo, chonsecho ndiyo yagogoda pakhomo lililonse kuyambira ku Chia, kudzera pa boma, kuoloka mtsinje wa Bua mpaka kukafika ku Dwangwa. Iyi ndi mbiri ya sukulu ya sekondale: mmene inafikira kuno, ana amene inawalandira, amene inawatsekera kunja, ndi moyo umene ana athu akhala akukumana nao kumeneko.

Mwalimu, mishoni ndi boma laumbombo

Kulemba ndi kuwerenga sikunabwere kuno ndi azungu ayi. Cha m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, anakhazikika pagombe lino n'kukhala Jumbe woyamba. Malonda ake anali a minyanga ya njovu ndi anthu, ndipo zombo zake zinkaolotsa akapolo kupita kutsidya kuti akayambe ulendo wa misozi wa ku Kilwa. Koma pamodzi ndi malonda oipawo panabweranso Chisilamu, ndipo Chisilamu sichiyenda chopanda madrasa. Ana a pa Linga anayamba kukhala pamphasa pamaso pa mwalimu, kuphunzira zilembo za Chiarabu ndi kuloweza Korani, belu la mishoni lisanamveke n'komwe.

Mishoni ya UMCA, imene lero timangoti Anglican, inafika pa Kota Kota mu 1894, ulamuliro wa ma Jumbe ukutha, wa Angerezi ukuyamba. Inamanga tchalitchi, inatsegula chipatala cha St Anne's, inamwaza timasukulu m'midzi. M'timasukulu timeneti mwana ankaphunzira kuwerenga, kulemba, masamu ndi katekisimu, ndipo wanzeru kwambiri ankatumizidwa ku St Michael's College kukaphunzira uphunzitsi. Apa ndiye panagona nkhani. Kwa kholo la Chisilamu sukulu inali khomo la ubatizo. Mwana wopita kumeneko ankabwerako ndi dzina lina, mapemphero ena ndi kadyedwe kena. Sikuti makolowo ankadana ndi nzeru, koma ankaopa kutaya mwana. Ambiri anasunga ana ao kumadrasa ndi kunyanja, ndipo mpata umene unatseguka pamenepo pakati pa mabanja a dera limodzi unatenga mibadwo kuti uyambe kutsekeka.

Nanga boma la atsamunda linali kuti? Linali kutolera msonkho. Nthambi yoona za maphunziro linaikhazikitsa mu 1926, patapita zaka zoposa makumi atatu chiyambire kulamula dziko lino, ndipo ngakhale pamenepo ntchito yaikulu linasiyirabe amishoni. Sekondale yoyamba m'Nyasaland yense, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940. Ya Akatolika ku Zomba inatsatira mu 1942, ndipo ya boma ku Dedza mu 1951. Tangoganizani, owerenga: mwana wa ku Bua amene mutu wake unali kugwira ankayenera kupikisana ndi dziko lonse kulimbirana mipando yowerengeka, kenaka n'kuyenda masiku angapo kuti akaupeze mpandowo.

Chitsanzo chake tili nacho pafupi. Henry Masauko Chipembere anabadwa mu 1930 ku Kayoyo, kumtunda kwa Nkhotakota, dera limene lero lili m'boma la Ntchisi. Bambo ake anali munthu wa mishoni ya UMCA yomweyi, amene anadzakhala wansembe. Kuti mnyamatayu aphunzire anapita ku Blantyre Secondary School, kuchoka apo ku Goromonzi ku Southern Rhodesia, n'kukathera ku Fort Hare ku South Africa. Uyutu anali mwana wa m'nyumba ya mishoni, wokhala ndi omutsogolera njira. Nanga mwana wa msodzi wamba akanalowera pati?

Sekondale ifika pa boma

Zinthu zinayamba kusintha a Malawi atalowa m'boma mu 1961. Kanyama Chiume anakhala nduna ya maphunziro, ndipo pofika nthawi ya ufulu mu 1964 unduna umenewu unali m'manja mwa Chipembere yemwe uja. Cholinga cha boma latsopano chinali chakuti boma lililonse likhale ndi sekondale yakeyake, mwana asamachite kuoloka dziko lonse pofuna Fomu 1. Dzina lakuti Nkhotakota Secondary School linasanduka loto la mwana aliyense wa Sitandade 8 kugombe lino. Pamwamba pake panali sukulu zotenga ana a dziko lonse monga Dedza, Blantyre, Mzuzu ndi Lilongwe Girls, koma kumeneko ankapitako ndi mmodzimmodzi, woti mudzi wonse unkamuloza chala.

Komatu sukulu imodzi siingameze ana a boma lathunthu. Amene anaonapo mpasa ikukwera mtsinje wa Bua nyengo yoswana akudziwa mmene zimakhalira: imanyamuka kunyanja yambirimbiri, koma m'njira muli maukonde, muli miono, muli ng'ona, ndipo yokafika kumtunda ndi yochepa. Mayeso a Sitandade 8 anali otero. Kukhoza kunali kwina, kusankhidwa kunali kwinanso. Mwana ankakhoza bwinobwino koma dzina lake osaoneka pamndandanda, n'kubwereza chaka chachiwiri, chachitatu, ena mpaka kumera ndevu ali m'kalasi lomwelo. Ena ankasintha dzina kapena kusamukira sukulu ina kuti aoneke ngati akulemba koyamba. Alipo madoda lero amene dzina la pasatifiketi yao si limene anapatsidwa kuchikuta, ndipo chifukwa chake n'chimenechi.

Tsiku limene maina atuluka pakhomo pamakhala nthungululu, koma usiku wake bambo sagona. Fizi ichokera kuti? Matumba a mpunga a kusikimu ya Bua ankagulitsidwa, mbuzi inkapita kumsika, amalume a ku Dwangwa ankalemberedwa kalata. Mwana wa sekondale sanali wa bambo ndi mayi ake okha, anali wa mbumba yonse, ndipo mbumbayo inkayembekeza kuti tsiku lina adzabweza.

Moyo wa m'hositelo

Zimene ndikambe apa si za sukulu imodzi ayi, ndi za sekondale za boma zogonera konko m'dziko muno, monga akudziwira aliyense amene anadutsamo. Mwana ankanyamuka ndi sutikesi yachitsulo, ndowa, mbale, kapu, bulangete ndi yunifomu yosokedwa mokulirapo kuti ifike Fomu 4. Pansi pa zovala mayi ankabisapo kamba: usipa wouma, mtedza wokazinga, kapaketi ka shuga, mwina ndi tsabola. Wochokera kutali ankakwera basi ya UTM, wina sitima ya Ilala. Kwa ambiri aka kanali koyamba kugona pabedi, koyamba kuona babu lamagetsi likuyaka pamutu pao, koyambanso kukhala chipinda chimodzi ndi munthu wolankhula Chitonga, Chiyao kapena Chitumbuka.

Chisangalalocho chinkatha usiku woyamba womwewo. Akuluakulu a Fomu 2, amene chaka chatha anali kulira iwonso, ankayamba kutiza alendo: kuwaimbitsa, kuwavinitsa popanda ng'oma, kuwachapitsa zovala, kuwalanda kamba yense uja mayi anabisa. Ena mpaka lero amakamba zimenezi akuseka, ati zinkalimbitsa mtima. Koma tinene zoona, kutiza kwina kunali nkhanza zenizeni, ndipo alipo ana amene anathawa sukulu osabwereranso, malo amene anawavutikira zaka zitatu mu Sitandade 8 n'kuwasiya choncho. Unduna wa maphunziro unaletsa mchitidwewu ndipo wopezeka akutiza mnzake amachotsedwa sukulu, koma chizolowezi chobadwira mumdima sichifa ndi kalata ya ku likulu.

Tsiku linkayendera belu, ndipo belulo kawirikawiri linali limu yakale ya galimoto yopachikidwa pamtengo. M'mamawa kusesa ndi kukolopa, kenaka phala, kenaka asembule, kenaka makalasi. Masana nsima ya mgaiwa ndi nyemba, madzulo nyemba ndi nsima ya mgaiwa. Nyembazo nthawi zina zinkabwera ndi anankafumbwe ake akuyandama pamsuzi, ndipo anyamata ankangoti ndiyo nyama ya lero. Kabichi ankaoneka mwa apo ndi apo, nyama ndi mpunga zinali za tsiku losankhika, loti ngakhale wodwala malungo ankadzuka. Kwa mwana wa kunyanja, wokulira kondowole ndi chambo chachiwisi, ichi chinali chilango pachokha: nyanja ili poteropo, mwera ukumveka usiku, iye akudya nyemba. N'chifukwa chake mipanda ya sukulu inkakhala ndi zibowo, ndipo amayi ogulitsa zitumbuwa, chinangwa chophika ndi nsomba zokazinga ankawadziwa ana a sukulu maina ao onse, ndi ngongole zao zomwe.

Ulamuliro unali m'manja mwa ahedi, abodingi masitala ndi amatironi, koma amene ankaopedwa tsiku ndi tsiku anali mapulifekiti. Wochedwa, wojomba pulepu, wotuluka popanda chilolezo ankapatsidwa chibalo: kutchetcha udzu, kuzula chitsa, kukumba dzenje lotalika ngati msinkhu wake. Mlandu wina unali wolankhula chinenero cha makolo. Chichewa chinakwezedwa mu 1968 kukhala chinenero cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo m'kalasi ana ankawerenga mabuku monga Nthondo la Samuel Nthara ndi Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, koma kunja kwa phunziro limenelo Chichewa chomwecho chinkakugwetsa m'chibalo. Aphunzitsi anali ndi chifukwa chao: wolephera Chingerezi pamayeso a Fomu 4 sapata satifiketi, ngakhale masamu atakhoza chotani. Lamulo limeneli lagwetsa ana ambiri anzeru a m'midzi kuposa ng'ona za mu Bua.

Koma tisanamizane, moyowu unali ndi kukoma kwake. Loweruka kunali mpira, ndipo sukulu ina ikabwera kudzacheza tauni yonse inkadziwa. Madzulo ake disiko m'holo yodyera, matebulo atakankhidwira kukhoma, aphunzitsi ali pakhomo ndi tochi. Kunali makalabu a zisudzo okonzekera mpikisano wa ATEM, kunali mitsutso, kwaya, kalabu ya zachilengedwe, ndipo m'zaka za m'ma 1990 kunabwera Edzi Toto. Lamulungu a SCOM ankasonkhana m'kalasi ili, a YCS m'kalasi ilo, Asilamu atapita kale kumzikiti Lachisanu. M'mwezi wa Ramadhani mwana wa Chikhristu ankasungira mnzake wa Chisilamu nsima yoti adzafuturu dzuwa likalowa. Zimene agogo ao ankaopa m'masiku a mishoni, adzukulu anazithetsa okha m'hositelo popanda msonkhano. Kunalinso makalata achikondi, olembedwa m'Chingerezi cha m'dikishonale choti mwini wake sankachimva, opindidwa mwaluso, oyenda m'buku la Biology kuchoka kudesiki ili kupita kudesiki ilo.

Ngwazi m'kalasi

Amalume athu amene anaphunzira nthawi ya chipani chimodzi amakumbutsa kuti sukulu sinali pobisalira ndale. M'sekondale munkakhala alangizi a Malawi Young Pioneers ophunzitsa masewera olimbitsa thupi, perete ndi nsanamira zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Khadi la chipani linkafunika ngakhale kwa mwana wopanda ndalama ya sopo. Sabata ya achinyamata ikafika makope ankatsekedwa, ana n'kutenga makasu kukalambula misewu ndi kuumba njerwa. Ngwazi ikamayendera mbewu, ana a sukulu ankandanda m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa, kuomba m'manja padzuwa. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi oonetsa maondo, ndipo mnyamata wosunga tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza.

Choopsa kwambiri chinali chete wa m'kalasi. Mphunzitsi wa mbiri ankadziwa pamene ayenera kulekezera. Nduna zija zinakangana ndi Dr Banda mu Seputembala 1964 zinasanduka zigawenga zosatchulidwa maina, moti mwana wa ku Nkhotakota ankatha kumaliza Fomu 4 osamva m'kalasi kuti Chipembere, mwana wa kumtunda konkuno, anakhalapo nduna ya maphunziro. Mu 1989 boma linalamula aphunzitsi ochokera kumpoto kuti abwerere kwao, powanamizira kuti akuphunzitsa mwaulesi dala ana a zigawo zina. Sukulu zambiri za pakati ndi kumwera zinataya aphunzitsi odziwa ntchito, makamaka a masamu ndi sayansi, ndipo amene analipira mtengo wake ndi ana omwe ankati akuwatetezawo.

Ndipo pamsewu womwewu wochoka pa Nkhotakota kudutsa m'nkhalango kupita ku Kasungu, pa Mtunthama, Dr Banda anatsegula Kamuzu Academy mu 1981. Kumeneko kunali Chilatini ndi Chigiriki, aphunzitsi ochokera kunja okhaokha, laibulale yaikulu, dziwe losambiramo. Ana ochepa okhoza kwambiri a m'boma lililonse ankatengedwa kukaphunzira ulere, ndipo ena a iwo anali ana a anthu osauka ndithu, zimenezo tisakane. Koma funso limene anthu sankatha kufunsa mokweza nthawi imeneyo ndi ili: ndalama zoyendetsera sukulu imodziyo zikanagula mabuku angati m'sekondale za m'maboma?

Khomo lakumbuyo

Nanga khwimbi lija losasankhidwa linkapita kuti? Mu 1965 boma linakhazikitsa Malawi Correspondence College, imene mu 1987 inasinthidwa dzina kukhala Malawi College of Distance Education, MCDE. Poyamba inali sukulu ya pakalata: wophunzira ankalandira timabuku ta maphunziro papositi, kumvera maphunziro ena pawailesi ya MBC, n'kutumiza mayankho ake kuti akachongedwe. Pang'onopang'ono m'madera munabadwa malo osonkhanirapo ophunzirawa, ena m'makalasi obwereka a pulaimale, ena m'nyumba zomangidwa ndi makolo eni ake. Owayang'anira anali aphunzitsi a pulaimale. Ana a kusekondale ya boma ankawaseka anzao a MCDE ngati anthu otola zotsala, chonsecho mayeso a JCE ndi MSCE ankalemba amodzimodzi. Amene ankakhoza kuchokera kumeneko anali anthu a khama loopsa, ndipo ambiri a aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi makalaliki amene atumikira dziko lino analowera khomo limeneli.

Kwa mnyamata amene zonsezi zamukanika kunali njira ina, ya kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake inkatchedwa Teba. Ankabwerako ndi njinga, wailesi ndi jekete, n'kumuposa mphunzitsi wa pamudzi. Njira imeneyi inatsekeka mu 1988. Kunatsala nyanja, munda wa mpunga, ndi kudula mzimbe ku Dwangwa kumene fakitale ya shuga inayamba kugaya kumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Chigumula cha 1994

Pa 14 Juni 1993 a Malawi anasankha ndale za zipani zambiri, mu Disembala chaka chomwecho asilikali anathyola a Pioneer, ndipo pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi ndi UDF anapambana n'kulowa m'boma. Lonjezo lao lalikulu linali pulaimale yaulere, ndipo analisunga. Chiwerengero cha ana m'sukulu za pulaimale chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana anadzaza pansi pa mitengo ya mango, boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira ntchitoyo n'kuwapatsa choko atangowaphunzitsa masabata owerengeka. Chinali chinthu chabwino chochitidwa mothamanga. Walira mvula walira matope: aliyense ankadziwa kuti chigumula chimenechi chidzafika pakhomo la Fomu 1, ndipo khomolo linali lopapatiza monga kale.

Yankho la boma linabwera mu 1998, pamene linalengeza kuti malo aja a MCDE asanduke sekondale zoyendera za m'madera, zimene tonse timazitchula kuti CDSS. Mwa kalata imodzi dziko linapeza sekondale mazanamazana. Kwa dera ngati la Bua uku kunali kusintha kwakukulu kuposa kwina kulikonse chiyambire ufulu. Mwana wa mlimi wa mpunga tsopano ankatha kusankhidwa kupita kusekondale yoti m'mawa achoka kwao, madzulo abwerera. Mabanja amene chiyambire sanaonepo yunifomu ya sekondale anaiona itayanikidwa pachingwe pakhomo pao.

Koma kusintha chikwangwani si kumanga sukulu. CDSS zambiri zinayamba zopanda labotale, zopanda laibulale, zopanda magetsi, aphunzitsi ake ambiri ali aja a pulaimale. Domasi College of Education inayesetsa kuwaphunzitsa ali pantchito kuti apate madipuloma, ndipo ambiri anapindula, koma dzenje linali lalikulu. Mwana ankaphunzira sayansi poona chithunzi cha botolo chojambulidwa pabolodi, n'kukakumana nalo botolo lenilenilo koyamba tsiku la mayeso a MANEB. Buku limodzi ana khumi. Pamapeto pake onse, wa ku Dedza, wa kusekondale ya pa boma ndi wa ku CDSS ya kuseri kwa dambo, amapatsidwa pepala limodzi, n'kuwerengeredwa mapointi pasikelo imodzi polimbirana malo ku yunivesite. Kusankhana kuja kunali pakhomo la Fomu 1 sikunathe ayi, kunangolowa m'kati.

Moyo wa mwana wa CDSS ndi wina. Alibe belu lomudzutsa, alibe pulepu ya magetsi, alibe ngakhale nyemba zofumbwa zija. Amadzuka kusanache, kutunga madzi kapena kuyamba wapita kumunda, kenaka n'kuyenda mtunda wautali wapansi kapena panjinga. Dzinja mitsinje ikadzaza sukulu imayamba yaima. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi osefukira ku Dwangwa anagwetsa nyumba, anadula msewu wa M5, ndipo anthu anathawira m'makalasi momwemo. Akutali kwambiri amachita lendi timazipinda pafupi ndi sukulu, moyo umene amautcha selufu: ana atatu anayi m'kachipinda kamodzi, kudziphikira okha, ufa ukatha kubwerera kumudzi pakati pa sabata, popanda wamkulu wowayang'anira.

Nyanja imalipira lero

Pagombe pano sukulu ili ndi mkazi mnzake, ndiye nyanja. Mwezi ukalowa mumdima nyali zimayaka pamadzi, amuna ali pa usipa ndi chilimira. Mnyamata wa Fomu 2 akapita nao usiku umodzi, kapena akangothandiza kukoka khoka m'mawa, amabwerako ndi ndalama m'thumba. Sukulu imamuuza kuti dikira zaka zinayi, mwinanso zisanu ndi zitatu, ndipo akayang'ana pamudzi akuona mkulu wake wa MSCE akupalasa kabaza. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tisafulumire kumunena mwanayo kuti ndi wopanda nzeru, masamu akewo ndi omveka. Chimene sakuona n'chakuti nsomba zikuchepa pamene asodzi akuchuluka, ndipo mpasa ya mu Bua imene agogo ake ankakolola ngati chimanga lero ili m'gulu la nsomba zimene akatswiri akuopa kuti zingathe. Nyanja imene ikumuchotsa m'kalasi siidzatha kumusunga mpaka ukalamba.

Mtsikana ndiye amasenza mtolo wolemera koposa. Kufikira 1993, wopezeka ndi pakati ankachotsedwa sukulu kotheratu, mwini mimbayo n'kupitiriza maphunziro ake ngati palibe chachitika. M'chaka chimenecho boma linalola kuti mtsikana akabereka azibwerera kusukulu. Lamulo la maukwati la mu 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wokwatiwira. Malamulo alipo, koma lamulo silimperekeza mwana panjira ya makilomita ambiri, siligona naye kuselufu, silimugulira sopo pamene wogula nsomba wochokera ku Lilongwe ali ndi ndalama m'manja. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, atsikana zikwizikwi m'dziko muno anatenga pakati kapena kukwatiwa miyezi yochepa yokha. Pamenepo tinaona poyera kuti kwa mtsikana wa kumudzi sukulu ndi mpandanso womuteteza. Chaka chomwecho, mu Novembala, mayeso a MSCE anaimitsidwa atabedwa, ndipo ana osalakwa anakalembanso mu Januwale 2021.

Nkhani yakale ija ya chipembedzo nayo sinafe msanga. Mkangano wa hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma unafika potseketsa sukulu zina kumwera, mpaka mu 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu anasainirana pangano, mothandizidwa ndi Public Affairs Committee, lolola mtsikana wa Chisilamu kuvala hijabu yogwirizana ndi yunifomu. Kuchokera 1894 kufika 2021 ndi zaka 127. Mantha a kholo lija la pa Linga anatenga nthawi yotalika choncho kuti ayankhidwe papepala.

Tsono tili pati?

Mu 2018 boma linachotsa ndalama ina imene ana a sekondale za boma ankalipira pa teremu. Kuyambira Januwale 2026 boma la Peter Mutharika linachotsanso ndalama za mayeso ndi za chitukuko cha sukulu, kutsala ya chakudya ndi malo ogona kwa ogonera konko. Kholo la ku Bua limene lakhala likugulitsa mpunga usanache kuti lipeze fizi lili ndi chifukwa chopumira. Koma amene awerenga mbiri iyi kuchokera pamwamba aona kuti dziko lino lili ndi chizolowezi chimodzi: timatsegula chitseko kaye, mipando n'kumaifuna anthu atalowa kale. Tinatero mu 1994, tinateronso mu 1998. Ndalama ya chitukuko ija, ngakhale inkapweteka, ndiyo inkagula choko, kulipira mlonda ndi kukonza denga. Ngati boma silitumiza ya m'malo mwake pa nthawi yake, ahedi a CDSS adzatsala ndi ana odzaza kalasi ndi manja opanda kanthu.

Zofunika pagombe lino n'zodziwika, sizifuna katswiri wochokera kunja: labotale ndi laibulale pa CDSS iliyonse, mahositelo a atsikana kuti selufu ithe, nyumba za aphunzitsi zoti munthu wa digiri avomere kukhalamo osapempha transifa chaka chisanathe. Aphungu athu ndi makhansala tiziwafunsa zimenezi ndi manambala ake, osati kungowaombera m'manja akapereka mpira ndi mayunifomu a timu.

Kwa inu amene munadutsa m'sukulu zimenezi, kaya pa boma, kaya ku MCDE, kaya ku CDSS, ndipo lero muli m'maofesi ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu mukuwerenga nyuzi ino, pempho langa ndi laling'ono. Mbumba ija inagulitsa mbuzi sinali ya pakhomo panu pokha. Mukapita kumudzi pa Khirisimasi kapena pa Idi, patukirani kusukulu kwanu kwakale, mukaone mashelefu a mabuku mmene alili. Mukafunsenso ahedi ngati kaundula wakale wa maina ndi buku la zochitika pasukulu zilipo, chifukwa chiswe sichidikira, ndipo aphunzitsi oyamba amene angatiuze mmene zinayambira akutha mmodzimmodzi. Mkuyu wa Livingstone uli ndi chikwangwani chake. Mbiri ya ana a asodzi amene anaphunzira Chingerezi pa nyali ya koloboyi ikudikira ife eni ake kuti tiilembe.